Amayi a Mikaele Anapita ku Limbe

Ndili ndi pakati pa Hannah, mwezi womaliza, anamwino a pa Milepa anandiyeza n'kupukusa mutu. Anati magazi akuthamanga kwambiri, miyendo yatupa, ndipo poti ndi mimba yoyamba ndisadikire kuti matenda andiyambire kumudzi. Ndipite ku chidikiro cha chipatala chachikulu ku boma sabata isanathe. Potuluka ndinadzera pamsika n'kugula zimene mayi aliyense amauzidwa kuti atenge: beseni, zitenje, lezala, ulusi ndi pepala lakuda loyala pobereka. Zonsezo ndinaziponya m'besenimo n'kusenza.

Mwamuna wanga Mikaele ndinamupeza pakhonde akupopa njinga yake ya kabaza. Ine ndi iyeyu tinakulira limodzi, kwathu mbali ino ya msewu, kwawo tsidya linalo, ndiye zoti "inu" ndimasungira pamaso pa alendo. Anakweza maso akumwetulira, koma atangoona beseni pamutu panga pampu inamupulumuka. Thukuta linatuluka ngati wathiridwa madzi. Anagwira pachifuwa, akupuma ngati wathawa agalu.

"Mikaele, n'chiyani? Malungo?"

"Tula chimenecho."

"Chiti?"

"Tula, Eluby! Sukupita kulikonse."

Ndinamufotokozera zonse zimene ananena anamwino, koma zinkangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Kutacha beseni linali litasowa, njinga ili gada, tcheni atachotsa. Analeka kupita pa siteji. Chakudya ankangochiyang'ana. Tulo analibe, maso anali psuu ngati wolira. Ndikangonyamula ndowa kupita ku mjigo ankandithamangira, "Ukupita kuti? Ubwera nthawi yanji?" Kupanda apo ankakakhala pansi pa mango wa m'mphepete mwa msewu, osalankhula ndi munthu, mpaka dzuwa kupendeka. Munthu amene siteji yonse inkamudziwa ndi nthabwala, amene ankaimba nyimbo za kwaya akukwera mtunda ndi matumba a chimanga!

Mtengo umenewo ndimaudziwa kuposa bwalo la kwathu. Ndi pamene panathera ubwana wathu. Ana ena ankasewera kudambo kapena kuseri kwa tchalitchi, koma kagulu kathu kanali ka pamsewu, chifukwa Mikaele sankalola kusewera kwina. Ifenso sitinkadandaula. Pamsewu panali pokoma. Nthawi ya mango tinkadya mpaka mano kuyayamira, madzi ake akuyenderera m'zigongono, ntchentche zikutitsata. Anyamata ankapanga magalimoto amawaya, matayala ake a zitsekerero za mabotolo, ife atsikana tikusewera phada pafumbi lotentha. Kukacha bwino phiri la Mulanje linkaoneka pafupi zedi, moti tinkapangana zoti tsiku lina tidzapita wapansi n'kubwerako chakudya chamasana chisanapse.

Mikaele ankadziwa galimoto iliyonse ndi kulira kwake isanatulukire. Akangoti tcheru khutu, ankafuula kuti, "Ya a Shukuru!" Ndipo inkakhaladi pikapu ya a Shukuru, mkulu wa nsomba zouma wovala kapu yoyera, amene ankanyamulanso matola ochokera ku Limbe. Ikaima, Mikaele ankathamanga patsogolo pathu, kabudula wong'ambika m'matako akukupiza, n'kuima pamene anthu akutsikira.

"Zikomo, simunawaone amayi anga ku Limbe? Ndi aatali, oyera, ali ndi mpata m'mano."

Ena ankayang'ana kumbali. Amayi ena ankamasula mfundo ya chitenje n'kumupatsa mandasi, kapena nthochi, kapena switi. A Shukuru ankatapa usipa dzanja lodzaza n'kumuthirira m'malaya n'kukwera msangamsanga. Mikaele sankadya yekha. Ankatigawira tonse, usipa tinkawotcha pa moto wa mapesi. Tinkamusirira. Ine ndinafika pofunsa amayi anga kuti bwanji iwo sapita ku Limbe ngati a Mikaele, ndipo anandimenya khofi limene sindinalimvetse.

Tili sitandade faifi, mnyamata wina akulimbana naye pa mpira anakuwa kuti, "Limbe yake iti? Amako ali kumanda!" Mikaele anamumenya mpaka aphunzitsi kuchita kumukoka. Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso munthu, sanabwerenso pa mtengo paja. Kwawo sananene kanthu, iwonso sanamufunse kanthu. Tonse tinati zatha. Ndikukula ndinamva kuti amayi ake anamwalira pobereka, ndipo titakwatirana nkhaniyo sitinkaikhudza, monga munthu salawira chilonda cha mnzake.

Masiku anali kupita, miyendo yanga ikutupirabe. Lachinayi kunabwera atsibweni anga a Stewart, mlongo wawo wa amayi, eni mbumba yathu. Anakhala pampando wa Mikaele, amayi atakhala pamphasa.

"Mkamwini ameneyu wayamba fodya wamkulu."

"Sasuta ngakhale ndudu, atsibweni."

"Ndiye amulodza anzake a pa siteji. Kaya ndi chamba kaya ndi mankhwala, ine sindingakwirire mwana wa mlongo wanga chifukwa cha wamisala. Mawa Justice wa pa siteji uja akutenga pa njinga yamoto kupita nawe kuchipatala. Iyeyo amange kachikwama kake awoloke msewu. Pamudzi pano anabwera ndi malaya okha."

Pakamwa panga sipachedwa, aliyense amadziwa. "Chaka cha namondwe Freddy, madzi atafika m'chiuno, amene anakuberekani kumsana kukakusiyani kusukulu ndi ndani? Tsiku limenelo munkati mwana wanga, mwana wanga. Lero wadwala wasanduka mkamwini?"

"Eluby!" anatero amayi.

"Ayi amayi, anene. Akadathyoka mwendo mukadamuthamangitsa? Poti chathyoka sichikuoneka ndiye atayidwe ngati mphika wosweka?"

Atsibweni anadzuka, akukutumula fumbi pachipewa. "Ndanena. Ukabwerako ndi mwana, mkamwini ameneyu usadzamupeze pano. Munthu wotsekereza mkazi kuchipatala si mwamuna."

Chowawa n'chakuti mbali ina ankanena zoona. Kuchipatala ndinayenera kupita, zimenezo ndinalibe nazo mkangano. Koma ndinkadziwa kuti ndikakwera njinga ya Justice, Mikaele n'kutsala akuthamangitsidwa, ndidzamupeza akutola mapepala pamsika. Ndinamanga chitenje n'kuwoloka msewu, kupita kwa a Eneless, mayi ake aang'ono amene anamulera.

Ndinawapeza kuseri kwa khitchini akukhetsa madzi akuda a nyemba za kalongonda kuti athire ena. Anandiyalira thumba.

"Mimba yonseyi padzuwa, apongozi? Mukanatuma mwana."

"Mwana wanu akuthamangitsidwa mawa."

Anaika mphika pansi. "Tamva kuti sakupeza bwino. Ndalankhula kale ndi abusa, akuti tipite naye kuphiri akamupempherere."

"Chinayambitsa ndi beseni. Angoona beseni la kuchidikiro, basi mutu wasokonekera. Ndiuzeni za beseni."

Anakhala nthawi akusonkheza nkhuni zimene zinali kuyaka kale. Kenako anayamba, maso ali pamoto.

"Achemwali anga a Nester matenda anawayamba m'mawa. Tinawakweza panjinga, ine ndikutsata pambuyo ndi beseni la zitenje pamutu. Iyeyo anali asanayambe sukulu. Anatithamangira akulira mpaka pa mango paja. Amake anatembenuka n'kumukalipira, 'Bwerera! Ndibwera!' Dzuwa lisanalowe anali atatisiya, iwo ndi khanda lomwe."

"Ndiye?"

"Ndiye ana tinawatumiza kwa achibale ku Mikolongwe, akuti akaone ng'ombe. Atabwerako zonse zinali zitatha, bambo ake atasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Anandifunsa kuti amayi ali kuti. Ndinati apita ku Limbe kukakugulira nsapato."

"Nsapato!"

"Ndi mmene tinkachitira, mwanangu. Mwana sauzidwa maliro. Amadwala, amalota, wakufayo amabwera kudzamutenga. Akuluakulu onse anagwirizana. Tinkati akakula tidzamuuza."

"Akula liti? Ndevu zamera, mukudikira imvi? Mudzi wonse unkamuonerera akufunsa anthu pamsewu, inu n'kumagona tulo? Munalira maliro anu, munakhuta, munameta, iye yekha mwini mayi n'kumumana. Lero akudwala ndiye mukuti mizimu, chamba, kuphiri. Mizimu yake ndi inuyo!"

Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Koma anangopukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Ndinali wamng'ono kuposa inu, apongozi. Ndinali ndisanakwatiwe n'komwe. Amene anandilera ndi a Nester omwewo. Akamandifunsa mwana uja, ndinkangobwereza za ku Limbe zomwezo. Ndikamuona pa mtengo paja ndinkazungulira njira ya kudimba."

Mtima wanga unatsika pang'ono, koma osati kwambiri. "Njira ya kudimba yatha. Manda ake anawaonapo?"

"Sanapondeko."

"Lero apondeko. Ndipo mumuuze ndinu, ndi pakamwa pomwepo."

A Eneless anatuma uthenga kwa amfumu kupempha njira ya kumanda, monga mwa mwambo, ndipo chilolezo chitabwera tinatsikira kumsewu. Mikaele anali pomwe paja, atatsamira tsinde, akuthyolathyola kamtengo. A Eneless anakhala pansi pafumbi pafupi naye n'kutambasula miyendo. Ine ndinaima chapatali.

"Mikaele mwanangu, amako sanapite ku Limbe."

Sanawayang'ane. "Ndikudziwa."

"Ukudziwa za m'kamwa mwa anthu. Lero umve kwa ine amene ndinakunamiza. Amako a Nester anamwalira pobereka, tsiku lomwe lija unathamangira njinga. Tinawaika iwe uli ku Mikolongwe. Ali uko, kuseri kwa nsungwi, pafupi ndi anganga ako."

Kamtengo kaja kanagwa. Atalankhula, mawu ake anali aang'ono, osakhala a bambo amene ndimagona naye nyumba imodzi.

"Anandikwiyira?"

"Ndani?"

"Amayi. Anandiuza kuti ndibwerere, ine osamva. Ndinkati mwina n'chifukwa chake sanabwere."

A Eneless anagwira kumutu ndi manja onse awiri. "Mayo ine! Zaka zonsezi? Iwe, njira yonse ankangonena za iwe. 'Eneless, tayang'ana kumbuyo, mwana uja wabwerera? Asapondetu minga.' Mpaka pakhomo pa chipatala. Akukwiyire chifukwa chiyani?"

Anamugwira dzanja ngati kamwana n'kumudzutsa. Ndinawatsata mpaka pamene minda imathera. Mayi wapakati salowa kumanda, choncho ndinakhala pa chulu, iwo n'kulowa m'mitengo.

Kwa nthawi kunali zii, njiwa zokha. Kenako ndinamva mfuu umene sindinaumvepo kwa munthu wamwamuna. "Amayi ine! Amayi ineee!" Unadutsa m'minda n'kukafika m'mudzi. Amayi amene anali pa mjigo anasiya ndowa. Ena anatuluka m'nyumba akumanga zitenje m'njira, abambo akubwera ndi makasu kuchokera kudimba, aliyense akufunsa kuti wamwalira ndani.

"Ndi maliro a a Nester," ndinawayankha.

"A Nester ake ati? Aja a kalekale?"

"Omwewo. Mwana wawo wauzidwa lero."

Palibe anaseka. Amayi ena achikulire, amene kale ankamupatsa mandasi, anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Anzawo anawalandira. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro, yapansipansi, ndipo pamene Mikaele ankatuluka m'mitengo, maondo ali dothi lokhalokha, anapeza khamu litakhala m'mphepete mwa munda likumudikira. Anamukhazika pakati monga amachitira ndi namfedwa. Mmodzimmodzi ankabwera kudzamugwira dzanja. "Pepani. Pepani ndithu." Ena ankamuuza za amayi ake: kuti ankavina tchopa mpaka fumbi kukwera, kuti thobwa lawo linkatha ukwati usanayambe, kuti anamenyapo wogula nandolo wa sikelo yobera. Iye ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Ndinaona atsibweni a Stewart ataima kumbuyo, chipewa chili m'manja. Sanayandikire, komanso sanachoke.

Sindinganame kuti anachira tsiku limenelo. Kutacha anakatenga beseni m'khola la mbuzi mmene analibisa, n'kulitsuka yekha, koma pobwezera tcheni zala zinkakanika. Atayesa kukwera njinga anatsika asanapalase n'kamodzi komwe.

"Sindingathe kukupalasa," anatero, akuyang'ana pansi.

"Sindinakupemphe. Justice ali panjira."

"Ndipita nawo."

"Kuchidikiro kulibe malo a amuna, ukudziwa."

"Ndikagona pakhonde."

Justice, mnzake wa pa siteji, anabwera ndi mnzake wina, njinga zamoto ziwiri. Amayi anga miyendo imawavuta, ndiye a Eneless ndi amene anadzipereka kukandidikirira. Ine ndinakwera kwa Justice, iwo ndi Mikaele n'kupanikizana pa inayo. Njira yonse ndikatembenuka ndinkamuona atatseka maso, milomo ikuyenda.

"Aise, tsegula maso," anakuwa Justice pamene tinaima kuti ng'ombe zidutse. "Ukagwa ine sindinyamula odwala awiri pa mtengo umodzi!"

Kuchipatala ndinauza anamwino zonse, osabisa. Iwo anaitana dokotala wina wachinyamata woona za matenda a maganizo, amene anakhala ndi Mikaele m'kachipinda nthawi yaitali. Mikaele anatuluka ndi mankhwala omuthandiza kugona ndi tsiku loti adzabwerenso kudzacheza. Ndinamufunsa kuti akuti chiyani.

"Akuti si misala. Akuti mantha a mwana akapanda kotulukira amakula naye limodzi. Akuti tilipo ambiri."

Anagonadi pakhonde, pa katoni, pamodzi ndi alonda. Masana ankalowa m'khitchini ya odikirira odwala, mwamuna yekha pakati pa amayi, utsi uli tolo, akukupiza moto ndi chivundikiro. Amayiwo anamupeza posewerera.

"Achimwene, mimba yanu ndi ya miyezi ingati?"

"Awa anadyetsedwa, si zabwinobwino izi."

"Inu asiyeni! Anga ali ku bawo, sakudziwa n'komwe kuti ndili kuno. Achimwene, mulibe mng'ono wanu?"

Tsiku loyamba ankangowerama. Tsiku lachitatu ndinamumva akuwabweza, khitchini yonse ili m'manja ndi kuseka. Koma mayi akangoyamba kubuula kulowera ku chipinda choberekera, ankasiya chilichonse n'kubwera pawindo la chidikiro, thukuta lili kamukamu.

"Eluby?"

"Ndilipo."

"Chabwino." N'kubwerera ku moto wake.

Lamlungu kunatulukira atsibweni a Stewart, atanyamula mtolo wa nkhuni ndi nkhuku yomanga miyendo. Anandipatsa moni, anafunsa za miyendo, kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Ali kuti uja?"

Ndinawalozera kukhitchini. Mikaele anali atagwada, atamanga chitenje cha a Eneless m'chiuno, akusenda mbatata. Atawaona anadzuka msanga, mpeni uli m'manja, osadziwa kuti aubise kapena avule chitenje. Ine ndinali nditakonzeka kale, mawu ali pa nsonga ya lilime, odwala amve kaya asamve.

Atsibweni anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anamuponyera nkhuku ija.

"Ndiye waima ngati mlendo bwanji? Ipha iyi, mwanayu amwe msuzi." Anatembenuka ngati akupita, n'kuimanso. "Nandolo wanu wauma, wayamba kuthetheka m'munda. Ndauza ana athamangitse mbuzi, koma kuthyola ndiye sindikuthyolera. Mukatuluka kuno ubwere udzaone wekha zochita."

"Ndamva, atsibweni," anatero Mikaele, nkhuku ikumupalapasa pachifuwa.

"Ndipo uvule chinsalucho. Anthu a kwathu amadutsa pano."